Imfa ya ng'ombe musaizolowere

Ana anga, inu amene mwayamba kulandira makola kwa makolo anu, ndi inu amene mwagula ng'ombe yoyamba ndi ndalama ya fodya, ya soya kapena ya ku Joni, khalani pansi ndikutsineni khutu. Ndakalamba ndikuona ng'ombe zikulowa ndi kutuluka m'makola a kuno kuchigawo chapakati, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri si mliri wobwera modzidzimutsa. Mliri ukabuka wailesi imalengeza, boma limatseka misika, aliyense amagalamuka. Chondiwawa ine ndi matenda amene timagona nawo m'mudzi chaka ndi chaka, amene amatola thole limodzi kuno, msoti umodzi uko, mpaka tinasiya kudabwa nawo. Munthu akataya mathole awiri m'dzinja amangoti, "Ndi nyengo yake." Mnzake pomupepesa amati, "Bola mayi wake watsala, aberekanso." Mawu amenewa amamveka otonthoza, koma ndi amene akulepheretsa makola athu kukula.

Tawerengani nane. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9, ndipo zathu zachikudazi zambiri sizibereka chaka ndi chaka. Thole likafa, mwataya nyengo yonse imene munalidikira, mwataya msoti umene ukanadzabereka ena, kapena ng'ombe yapangolo imene ikanakututirani chimanga ndi manyowa. Mwatayanso fizi ya mwana amene lero akadali kumbuyo kwa mayi wake. N'chifukwa chake mumapeza khola loti ng'ombe zake zimabereka ndithu, koma zaka zikupita chiwerengero chili pomwepo.

Musaganize kuti alimi anzanu ndi mbuli pa za ng'ombe. Mlimi wa kuno ng'ombe amaidziwa. Akaiona yazolika mutu, ubweya waima, yasiya kubzikula, amadziwa kuti zinthu sizili bwino mlangizi asanafike n'komwe. Nkhupakupa amazidziwa, ndipo amadziwa kuti zimabweretsa matenda. Chosowa ndi mtima wochitapo kanthu ng'ombe ikadali bwino. Ndalama imatuluka m'thumba ng'ombe itagona kale pansi, ndipo nthawi imeneyo imatuluka yambiri, kawirikawiri n'kupita pachabe. Zonse zimene ndikuuzeni pano zikubwerera pa mfundo imeneyi: lipirani pang'ono, lipirani msanga, ndipo chitirani limodzi ndi anansi anu.

Tiyambe ndi mdani wamkulu wa makola a m'chigawo chapakati ndi kumpoto, ngakhalenso kwa abale athu a ku Chipata ndi ku Katete: chigodola cha ng'ombe, chimene a vetenale amachitchula East Coast fever. Akatswiri amawerengera kuti matendawa amapha ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni pa chaka m'maiko a kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa. Sayenda ndi mphepo, ndipo ng'ombe siipatsira inzake pokhudzana kapena pomwera pamodzi. Amayenda ndi nkhupakupa yofiirira imene imakonda kukhala m'makutu. Nkhupakupayi ikadali yaing'ono imayamwa magazi a ng'ombe imene ili ndi tizilombo, n'kugwera mu udzu, n'kufundula. Ikakwera ng'ombe ina imalavulira tizilomboto m'thupi mwake. Koma mvetsetsani apa: silavula tsiku lomwe yakwera. Imayamba yayamwa kaye masiku awiri kapena atatu. Masiku amenewo ndiwo mpata wanu. Alangizi akamati m'dzinja muzisambitsa ng'ombe sabata iliyonse sakufuna kukutherani ndalama. Akufuna mankhwala akhale akadali ndi mphamvu pakhungu, kuti nkhupakupa ife isanamalize ntchito yake. Nkhupakupa zazikulu zimachuluka mvula ikakhazikika, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndipo yaikazi imodzi ikakhuta n'kugwa imaikira mazira zikwizikwi. Mukadumphitsa masabata awiri m'nyengo imeneyo, mwadzala nkhupakupa za chaka chamawa pa busa la mudzi wonse.

Phunzirani kugwira ng'ombe ndi manja anu, osati kungoiwerenga muli chapatali. M'mawa, musanachotse mipiringidzo ya khola, gwirani thole, pindani khutu muone m'kati ndi m'mphepete. Kwezani mchira muone pansi pake. Kenako tsitsani dzanja kunsi kwa khutu, pamene pathera nsagwada, ndiponso kutsogolo kwa phewa. Thole likakhala bwino, pamenepo simumva chachilendo. Likagwidwa ndi chigodola mwanabere amatupa, kuyambira kumbali ya khutu lolumidwalo, mpaka kudzaza dzanja. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, sikadula. Ng'ombe yabwino imatentha madigiri 38 kapena 39. Mukaona apyola 39.5, m'mawa dzuwa lisanakwere, tumizani uthenga kwa mlangizi tsiku lomwelo. Mukadikira mpaka iyambe kutsokomola, kupuma movutika ndi kutuluka thovu m'mphuno, ndiye kuti mapapo adzaza kale madzi. Mankhwala enieni a chigodola alipo, dzina lake buparvaquone, koma ndi odula, ndipo amathandiza bwino akabayidwa matenda atangoyamba.

Mudzamva anthu akuti, "Zachikuda sizifa ndi nkhupakupa, zimenezo n'za ng'ombe zachizungu." M'mawu amenewa muli choona pang'ono, ndipo choona chapang'onocho ndi chimene chimapusitsa. Zoonadi ng'ombe zathu za linunda zimapirira kuposa za mkaka, ndipo imene yadwala n'kuchira imakhala yolimba ku matendawa. Koma kulimbako kumagulidwa ndi mathole amene amafa m'chaka chawo choyamba. Komanso imene yachirayo imasungabe tizilombo m'magazi, nkhupakupa n'kumatapa pomwepo. Tsono inu amene mukulowa ulimi wa mkaka, mukulandira ma Friesian ndi makolosi kudzera m'magulu ogulitsa mkaka, dziwani kuti ng'ombe yoteroyo nkhupakupa zochepa chabe zikhoza kuigwetsa. Ngakhale isatuluke m'khola, nkhupakupa zimabwera ndi udzu umene mwamweta kudambo. Ndipo chigodola sichili chokha. Nkhupakupa zina zimabweretsa matenda okodza magazi, zina matenda a ndulu amene amaumitsa ndowe ndi kuyezula maso, ndipo zamawangamawanga zokhala ndi mlomo wautali zija zimabweretsa matenda ozunguza mutu, zimaboola mawere n'kusiya mabala, ndiponso zimatsegulira njira senkobo pakhungu.

Ife a msinkhu wanga tinakula dibi ikugwira ntchito. Tsiku la dibi abusa ankanyamuka kusanache, misewu yonse ili fumbi ndi kulira kwa mathole. Ng'ombe zinkalowa mumpanda wopapatiza imodziimodzi, n'kudumphira m'madzi a mankhwala mpaka mutu kumira, n'kusambira kukatulukira tsidya linalo. Wa dibi ankawerenga za khola lililonse n'kulemba m'buku, ndipo wojomba ankafunsidwa. Pamenepo pankaonekanso ng'ombe yodwala, chifukwa zonse zinkadutsa pamaso pa munthu wodziwa. M'zaka za m'ma 1990 boma linachotsa dzanja lake pa ntchitoyi, n'kuisiya m'manja mwa alimi eni ake. Madibi ambiri anaphwa, malata anasasulidwa, ena lero mwamera mitengo. Kuyambira pamenepo m'midzi munakhazikika mawu akuti, "Dibi ndi ya boma, akonze okha." Ana anga, tili ndi ufulu wopempha boma kudzera mwa makhansala ndi aphungu athu, ndipo tizipempha ndithu. Koma nkhupakupa sizidikira bajeti. Ng'ombe ndi zanu, ndipo zikafa wolira ndinu.

Kumene kulibe dibi timapopera ndi mpope wa kumsana, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Munthu amathira theka la mlingo wolembedwa pa botolo kuti mankhwala akhalitse, n'kuwaza pamsana pokha, ng'ombe khumi mpope umodzi, n'kumati wasambitsa. Nkhupakupa sizikhala pamsana. Zili m'makutu, kunsi kwa mchira, kumawere, m'khwapa, pamimba ndi pakati pa ziboda. Ng'ombe yaikulu imafuna malita angapo kuti inyowe mpaka pakhungu, ndipo mumayambira kumiyendo kukwera m'mwamba, motsutsana ndi kagonedwe ka ubweya. Mankhwala opunguzidwa amapha nkhupakupa zofooka zokha, zolimba n'kutsala, n'kuswana. Pakapita zaka zingapo mankhwala omwewo sagwiranso ntchito m'dera lonse, anthu n'kumati ogulitsa akutipatsa madzi. Yezani ndi sirinji kapena kakapu kake, osati ndi maso. Mwetsani ng'ombe madzi musanazipopere kuti zisanyambite mankhwala chifukwa cha ludzu. Mankhwala a thonje ndi a mbewu zina musawayandikize ku ng'ombe. Ena ataya nazo ziweto, ena adwala nawo iwo eni. Mpope musakatsukire mumtsinje kapena pa mjigo, ndipo botolo lotha musasungiremo mchere kapena mafuta ophikira.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene alimi ambiri sachidziwa, chonsecho chili pakhomo pathu. Katemera wa chigodola alipo, ndipo amapangidwa konkuno ku Lilongwe, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, malo a bungwe la African Union, amene anatsegulira ntchito yopanga katemerayu mu 2014 mothandizidwa ndi bungwe la GALVmed. Njira yake inapezeka ku Muguga, m'dziko la Kenya, m'zaka za m'ma 1970. Thole limabayidwa tizilombo tamoyo ta chigodola pa mlingo woyezedwa, nthawi yomweyo n'kulibayanso oxytetracycline wokhalitsa m'thupi. Limadwala pang'ono, thupi n'kuphunzira kulimbana ndi matendawo, ndipo chitetezo chake chimakhala cha moyo wonse. Kubaya kamodzi kokha. Anthu a maiko ena amatumiza ndalama kudzagula katemera ameneyu kwathu kuno, ife eni dera tikukwirira mathole. Katemerayu si wogula pa golosale. Amasungidwa mozizira kwambiri mu nayitrojeni wamadzi, amabayidwa ndi munthu wophunzitsidwa, ndipo kachubu kamodzi kamakhala ndi mlingo wa mathole ambiri, woti ukasungunulidwa uthe tsiku lomwelo. Ndiye munthu mmodzi wa mathole awiri n'kovuta kumubwerera, koma alimi a midzi itatu akasonkhanitsa mathole awo tsiku limodzi, zimatheka. Pitani ku ofesi ya zaulimi ya kwanu mukafunse za katemerayu. Mukatemera musasiye kusambitsa, chifukwa katemerayu amateteza ku chigodola chokha.

Ndikudziwa zimene zimanenedwa m'mabwalo: "Katemera amachotsa bere." "Ng'ombe ya uje inafa atangoibaya." "Yanga ili bwinobwino, ndiibayirenji?" Mwana timapita naye ku sikelo kukalandira katemera asanadwale, ndipo palibe mayi amene amati adikire chikuku chifike kaye. Ng'ombe n'chimodzimodzi. Katemera si mankhwala ochiza. Vuto lathu ndi loti timathamangira katemera matenda atalowa kale m'mudzi, ng'ombe zina zitatenga kale tizilombo, ndiye zikafa mlandu timaupereka kwa wobaya. Ngati ng'ombe ili ndi bere kapena ikuoneka yofooka, muuzeni mlangizi asanabaye, iye ndiye adziwe chochita. Ndipo pofuna umboni woti katemera amagwira ntchito, kumbukirani mliri wa rinderpest. Unafika kumpoto kwa nyanja yathu mu 1892, n'kusesa makola mpaka kummwera kwa Africa. M'madera ambiri pa ng'ombe 10 zilizonse pankatsala imodzi. Lero inu simuudziwa n'komwe. Mu 2011 kunalengezedwa kuti mliriwo watheratu padziko lonse lapansi, ndipo chinauthetsa ndi katemera woperekedwa kwa ng'ombe za anthu wamba ngati ife, mudzi ndi mudzi.

Alipo akatemera ena a chaka ndi chaka amene ayenera kulowa pa ndondomeko yanu mvula isanagwe. Matenda a zotupa pakhungu lonse, amene amafalitsidwa ndi tizilombo touluka toluma, amabuka m'dzinja. Amaumitsa mkaka, kuononga chikopa, ndipo nkhunzi ikhoza kusiya kubereketsa. Palinso matenda otupitsa ntchafu kapena phewa, amene amasankha ng'ombe zazing'ono zonenepa bwino, za miyezi 6 mpaka zaka ziwiri. Madzulo yalowa m'khola ikutsimphina, mukasindikiza potupapo pakumveka ngati pali mpweya, m'mawa yafa. Matenda otere sakupatsani nthawi yothamangira mankhwala. Katemera wake nthawi zambiri amabwera wophatikizidwa ndi wa anthrax m'botolo limodzi.

Kunena za jekeseni, pali chizolowezi chimene chakula masiku ano mankhwala atayamba kupezeka pamsika uliwonse. Ng'ombe ikangozolika, mwini wake amagula botolo la teramaisini n'kubaya mongoyerekeza, mawa n'kusiya chifukwa yayamba kudya. Safunsa anadya phula. Si matenda onse amene amamva mankhwala amenewo, ndipo mlingo umatsata kulemera kwa ng'ombe. Mlingo woperewera umangozoloweretsa tizilombo, tsiku limene mudzawafune zenizeni mankhwalawo adzakhala opanda mphamvu. Pa botolo amalembanso masiku oyenera kudikira musanamwe mkaka kapena kudya nyama ya ng'ombe yobayidwa. Masiku amenewo asungeni, chifukwa mkakawo akumwa ndi ana anu ndi ana a anzanu. Mankhwala oyanikidwa padzuwa pa benchi, opanda chizindikiro kapena opitirira tsiku lake, asiyeni pomwepo. Alangizi a ziweto ndi ochepa, zimenezo n'zoona, ndipo wina amayang'anira dera lalikulu popanda njinga yamoto. Koma inu muli ndi mafoni, chinthu chimene ife tinalibe. Sungani nambala yake, jambulani chithunzi, muuzeni kutentha kwa thupi, ndipo akafuna mafuta a njinga musaone ngati akukuberani. Mafutawo ndi otsika mtengo kuposa ng'ombe.

Pali matenda ena amene amayesa chilungamo cha munthu kuposa nzeru zake: matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Ng'ombe imachucha dovu, lilime limasupuka, pakati pa ziboda pamatuluka matuza, kuyenda n'kudya kumakanika. Zikuluzikulu sizifa kawirikawiri, ndiye ena amawapeputsa. Koma mathole amafa, mkaka umauma, zapangolo zimagona nthawi imene mukuzifuna, ndipo matendawa amagwiranso nkhumba, mbuzi ndi nkhosa. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje amabwerabwera, chifukwa njati za m'nkhalango ngati ya Lengwe zimasunga kachilombo kake popanda kudwala, ndipo ng'ombe zikayandikirana nazo pa msipu kapena pa madzi zimatenga. Koma musati n'za kuchigwa kokha. Mu 2018 anabuka ku Neno, mu 2022 anabuka ku Mchinji. Kachilomboka kamayenda m'dovu, mumkaka, m'nyama, pa nsapato ndi pa matayala a galimoto. Mankhwala okapha palibe. Katemera wake amachokera kunja, makamaka ku Botswana, ndipo mphamvu yake imatha pakapita miyezi ingapo, n'chifukwa chake kumadera a chiopsezo amabwereza. Akakuitanani kachiwiri, pitani kachiwiri.

Chimene chimanyamula matendawa kuchoka boma lina kufika boma lina si njati. Ndi munthu. Wina akaona dovu m'khola amakhala chete poopa kuti boma litseka msika. Wina akamva kuti chiletso chikubwera amatulutsa ng'ombe usiku, kudzera njira zachidule, kukazisungitsa kwa mlamu wake kapena kukazigulitsa motchipa. Amaganiza kuti wapulumutsa chuma chake, koma wapititsa moto kumudzi kwa anzake, ndipo chiletso chimene chikanatha msanga chimakhala miyezi yambiri. Ana anga, chiletso chimawawa, ndikudziwa. Chimagwa nthawi imene fizi ikufunika ndipo fetereza sanagulidwe. Koma kubisa kumawawitsa anthu ambiri kwa nthawi yaitali. Mukaona zizindikiro, tsekerani ng'ombe zanu, uzani amfumu ndi mlangizi tsiku lomwelo. Ndipo inu a m'mudzi, munthu amene waulula musamunyoze kuti watitsekeretsa msika. Muthokozeni, wakupulumutsirani makola.

Pogula ng'ombe khalani ndi mtima womwewo. Ng'ombe yonenepa yotsika mtengo, yobwera madzulo, yopanda chiphaso cha a vetenale, ikayikireni. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ikhoza kukhala yakuba, ikhoza kukhala yothawitsidwa kumene kwabuka matenda. Ng'ombe iliyonse yachilendo, kaya mwagula, kaya ndi ya malowolo, kaya ndi ya chipepeso pa mlandu, isalowe m'khola tsiku lomwelo. Ipopereni, ipatseni mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo ikhale payokha masabata atatu kapena anayi mukuiyang'anira. Zimenezi si kunyoza amene wakupatsani. Mlimi wanzeru akaona mukutero amakulemekezani.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandichititsa mantha, chifukwa imakhudza miyoyo ya anthu. Ng'ombe ikafa yokha, uthenga umafala msanga kuposa wa maliro. Anthu amabwera ndi mipeni ndi mabeseni, wina amati, "Nyama sitaya," mwini wake n'kumagulitsa pangongole kuti apezeko kangachepe. Ndikumvetsa, nyama ndi yosowa ndipo kutaya ng'ombe yathunthu n'kowawa. Koma mverani. Ng'ombe imene yafa mwadzidzidzi isanaoneke kudwala, yatupa msanga, ndipo m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo mukutuluka magazi akuda osaundana, musaiboole ngakhale pang'ono. Akhoza kukhala anthrax. Mukaitumbula, tizilombo take tikakumana ndi mpweya timadzitchinga n'kukhala m'nthaka zaka makumimakumi, malo amenewo n'kusanduka msampha wa ng'ombe za adzukulu anu. Wosenda amatuluka chilonda chakuda pakati, wodya akhoza kufa. Mu 2018 mvuu zambiri zinafa ndi matendawa mumtsinje wa Shire ku Liwonde. Mu 2023 ku Zambia, kuyambira ku Sinazongwe, anthu mazanamazana anadwala atakhudza kapena kudya nyama yotere, ndipo ena anamwalira. Itanani a vetenale, ingitsani agalu, ndipo mtembowo utenthedwe kapena ukwiriridwe m'dzenje lakuya pomwepo, osaukoka kudutsa m'mudzi.

Mkaka nawo muziuwiritsa nthawi zonse, ngakhale wa chambiko uyambe wawira. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe chimalowa mwa munthu kudzera mumkaka wosawiritsa. Chimodzimodzinso matenda amene amachititsa ng'ombe kutaya bere litakula. Kwa munthu amabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza ndi kuphwanya mfundo, ndipo ambiri amangomwa mankhwala a malungo osachira. Ng'ombe ikataya bere musagwire thole lakufalo kapena zotsalira ndi manja opanda kanthu. Valani mapepala apulasitiki, zikwirireni mozama, agalu asadye, ndipo ng'ombeyo ikhale padera mpaka itayezedwa.

Dziwaninso dera lanu, chifukwa malo aliwonse ali ndi vuto lake. Odyetsa m'madambo a madzi osayenda, ng'ombe zanu zimatola nyongolotsi za m'chiwindi zimene zimakulira mu nkhono zing'onozing'ono za m'matope. Ng'ombe imangoonda, pansi pa chibwano n'kutupa madzi, ndipo si mankhwala onse a njoka amene amazipha, choncho funsani enieni ake. Okhala pafupi ndi nkhalango za Kasungu, Nkhotakota ndi Vwaza, mdani wanu ndi ntchentche ya kashembe, imene imaondetsa ng'ombe pang'onopang'ono ndipo imapatsanso munthu kaodzera. Kumeneko funsani mlangizi mankhwala osambitsira amene amapha nkhupakupa ndi kashembe yemwe, chifukwa ena amapha nkhupakupa zokha. Ndipo kulikonse kumene muli, ng'ombe yanjala ndiyo imayamba kugwa. Sungani mapesi, masangwe a mtedza ndi udzu wouma za m'chilimwe. Khola lisakhale dziwe la matope lofika m'mawondo, ndipo thole lobadwa kumene liyamwe mkaka woyamba wachikasu uja m'maola 6 oyambirira, chifukwa chitetezo chake choyamba chili mmenemo.

Mathole akafa motsatizana, m'mudzi simuchedwa kumveka kuti khola alilodza. Ndaonapo abale a mimba imodzi atasiya kulonjerana chifukwa cha nkhani yotere, ndalama zitathera kotsirika khola, mathole akufabe, makutu awo ali odzaza nkhupakupa. Musanaloze chala munthu, pindani khutu la thole muone. Pemphani mlangizi atenge magazi akayeze. Boma lili ndi labotale ya ziweto ku Lilongwe yochitira ntchito imeneyi. Nzeru za makolo zimene zili zothandiza zisungeni, monga kudziwa msipu woipa, zomera zakupha ndi nthawi yosamutsa khola. Koma ubale musauphe chifukwa cha matenda amene mankhwala ake ali m'sitolo.

Mudzandifunsa kuti ndalama zake zichokera kuti. Zichokere m'khola momwemo. Timakonda kunena kuti ng'ombe ndi banki, koma timakana kugulitsa ngakhale imodzi pokhapokha pagwe maliro kapena mlandu. Timanyadira kuchuluka kwa mitu, ng'ombe yokalamba yotha mano n'kumaisungabe mpaka idzafe yokha m'Okutobala. Igulitseni ikadali ndi mnofu, mukangokolola, ndalama yake mugule mankhwala osambitsira a chaka chonse, mulipire akatemera, yotsala musunge padera ya matenda adzidzidzi. Ngolo ikapita kukagwira ganyu, kapena mukagulitsa mkaka ndi manyowa, patulani gawo la ng'ombe musanagawe zina. Khalani ndi kope lolembamo tsiku losambitsa, tsiku la katemera, ng'ombe imene yadwala, mankhwala amene yalandira. Inu munapita kusukulu, zimenezi sizingakukanikeni. Ndipo wina aliyense pakhomo amene amagwira ng'ombe aphunzitsidwe: mayi amene amakama, mlongo wanu, mbusa. Amene amakhala ndi ng'ombe tsiku lonse ndiye woyamba kuona yotsalira m'mbuyo. Mbusa akhale munthu wamkulu wolipidwa bwino, ana apite kusukulu. Ndipo akakuuzani kuti ng'ombe yakuti sikudya, musamukalipire, chifukwa mukatero mawa adzabisa.

Chomaliza ndi chimene chimamanga zonsezi. Ng'ombe zanu zimadya busa limodzi ndi za anansi anu, zimamwa pa chitsime chimodzi, zimakweredwa ndi nkhunzi imodzi. Inu mukapopera mnzanu osapopera, nkhupakupa zake mawa zili pa thole lanu. Mutu umodzi susenza denga. Khazikitsani gulu la oweta ng'ombe, musankhe msungichuma wokhulupirika, muzisonkha pa mutu wa ng'ombe, mugule mankhwala ambiri pamodzi chifukwa amatsika mtengo. Mangani mpanda wopanikizira ng'ombe wa mitengo, kuti kupopera ndi kubaya kusamakhale kulimbana. Ngati dibi yakale ikadali yolimba, itanani alangizi aione ngati ingadzuke. Gwirizanani tsiku limodzi losambitsa mudzi wonse, ndipo amfumu aike lamulo kwa wojomba ndi kwa wolowetsa ng'ombe yachilendo mobisa. Wamasiye amene ali ndi ng'ombe ziwiri koma alibe chosonkha, mupoperereni; mukumuthandiza iye, mukudzitetezanso nokha.

Musadikire kuti wina wochokera kutali adzakuyambitsireni zimenezi ndi magalimoto ndi ma alawansi. Mvula ya chaka chino isanagwe, pitani kwa amfumu mukapemphe bwalo, muitane mlangizi wa ziweto, ndipo aliyense abwere atawerenga mathole ake. Ife akuluakulu tidzabwera, tidzakhala pambuyo panu n'kukuikirani umboni. Koma oyamba kuimirira ndi kulankhula mukhale inu, chifukwa makolawa tsopano ndi anu.